Mafunso Anu a Poker: makadi apakatikati, tilowe kapena titaye?

Mwezi uno makalata ambiri abwera pa nkhani imodzi, makadi aja oti si abwino kwenikweni komanso si oipa, aja amakusiya uli kakasi dila akukudikira tebulo lonse likukuyang'ana. Ndasankhapo awa.

FUNSO: Akulu, ine ndimakhala ku Joni ndipo Loweruka ndimakonda kusewera timipikisano ta Texas Hold'em pa kasino ina kuno. Sabata yatha tinatsala anthu 19 olandira ndalama ali 18, ine ndinali ndi ma chips okwana ma big blind 15 (big blind ndi ndalama yokakamiza yaikulu imene osewera amaika mosinthana makadi asanagawidwe) ndipo pa tebulo lina panali mkulu wina wotsala ndi awiri okha. Mnyamata wa ma chips ambiri pa button (mpando woyankhula pomaliza makadi a pa tebulo akagwa) anangoti all-in, kuponya ma chips ake onse, ine pa big blind kusuzumira ndapeza A-J ya mitundu yosiyana, ndinapanga call, ndiye kuti ndinalowa nawo. Iye anali ndi K-Q, K inagwa pa turn (khadi lachinayi la pa tebulo) basi ndinabwerera chimanjamanja. Anzanga akuti ndinapusa koma inetu ndinali patsogolo! Akunena zoona ndani? Wa ku Randburg.

YANKHO: Achimwene, munali patsogolo zoonadi, A-J ikakumana ndi K-Q imawina pafupifupi ka 60 mwa ka 100, nde mukanakhala pa cash game pomwe chip iliyonse ndi ndalama yoti mutha kunyamuka nayo nthawi ina iliyonse ndikanakuomberani m'manja. Koma anzanuwo sakunama ayi. Mumpikisano kukhala patsogolo pakokha sikukwanira, ndipo zimandiwawa kuona anthu osewera bwino akutuluka pa malo ngati amenewa chifukwa palibe anawauza.

Tiyeni tiwerengere limodzi ndi chitsanzo chosavuta. Mwatsala anthu 4 ma chips ofanana, woyamba alandira R5,000, wachiwiri R3,000, wachitatu R2,000, wachinayi palibe chake. Zonse ndi R10,000 ndiye kuti mpando wa aliyense panopa ndi wa R2,500. Wina waponya all-in inu mwalowa. Mukaluza R2,500 ija yapita yonse. Mukawina muli ndi theka la ma chips onse, koma kodi mpando wanu wafika pa R5,000? Ayi ndithu, chifukwa mpikisano sunathe. Mwayi woti mukhale woyamba ndi theka, wokhala wachiwiri ndi 1 mwa 3, wachitatu 1 mwa 6, mukaphatikiza zonse zikubwera R3,833. Mwaika pachiswe R2,500 kuti mupeze R1,333 yokha. Nanga R1,167 yotsalayo yalowera kuti? Kwa awiri aja angokhala phee osakhudza khadi, iwo alowa m'ndalama kudzera pa thukuta lanu.

Ndiye pa chitsanzo chimenechi kuti call isakuluzitseni mukuyenera kumawina ka 65 mwa ka 100. A-J yanuyo ngakhale mnzanuyo ataponya osayang'ana n'komwe makadi ake imawina ka 63 kapena 64 basi. A-K yeniyeni imangokhudza pa 65 pomwepo. Kawerengedwe aka osewera amakatchula ICM, Independent Chip Model, ndipo masamu ake anachokera kwa David Harville yemwe mu 1973 ankawerengera mwayi wa mahatchi pa mpikisano wothamanga, kuti uyu akhala woyamba kangati wachiwiri kangati. Nambala yeniyeni imasintha malinga ndi kagawidwe ka mphotho komanso ma chips a ena, pa anthu 19 siikhala 65 ndendende, koma ndi mkulu uja wa ma blind awiri amene akanakakamizika kulowa posachedwa, inu mumayenera kukhala wouma mtima kwambiri. Ineyo pamenepo ndimalowa ndi 10-10 kupita m'mwamba komanso A-K, A-Q ndimaiganizira kaye kutengera munthu wake. A-J ndimataya.

Ndipo musamukwiyire mnyamata uja, anasewera bwino. Woponya all-in ali ndi njira ziwiri zotengera poti (ma chips onse amene aikidwa pakati), kaya nonse mutaye kaya makadi ake agwire. Wopanga call ali ndi imodzi yokha, kuwina makadi akatembenuzidwa. N'chifukwa chake makadi omwewo oti mutha kuponya nawo inuyo muli woyamba, sikuti mungalowe nawo wina akakuponyerani. Tsiku lina mudzakhala ndinu wa ma chips ambiri pa bubble, pomwe patsala kuti mmodzi atuluke ena onse alowe m'ndalama, mudzawafinye chimodzimodzi a ma blind 12 mpaka 20 aja, ndi amene ali ndi zambiri zoti aluze.

Zimafika poipa pa satellite, uku kumene mphotho ndi mpando wolowera mpikisano waukulu, njira imene Chris Moneymaker anadzera pa PokerStars, malo osewerera poker pa intaneti, mu 2003 asanakawine Main Event ya World Series of Poker ndi $2.5 miliyoni. Kumeneko mipando ikakhala 10 mwatsala anthu 11, wokhala ndi ma chips ochuluka ndi wotsala ndi chip imodzi alandira zofanana, nde ngati muli pabwino ndipo wina wokuposani waponya all-in mutha kutaya ngakhale A-A, pakuti nayonso imaluza ka 15 mpaka 20 mwa ka 100 ndipo kuwina sikukuonjezerani kanthu.

Chenjezo langa ndi lakuti musatenge mantha amenewa n'kuyamba nawo mpikisano. Koyambirira ndalama zili kutali, chip ndi chip, 60 peresenti ndi ya kulowa ndi miyendo iwiri.

FUNSO: Zikomo chifukwa cha tsamba lino. Ine ndimasewera pa foni madzulo ana akagona. Ndinamva kuti wosewera wabwino amataya makadi ambiri, nde pa big blind ndimataya chilichonse chomwe si peya kapena A wamphamvu, monga 9-7 ya mtundu umodzi, K-5, Q-8. Koma ma chips anga amangosungunuka ndisanasewere n'komwe. Ndikulakwitsa pati? Mayi wa ku Lilongwe.

YANKHO: Mayi, langizo munamvalo ndi labwino pa mipando ina yonse kupatula mpando umenewo. Pa big blind mukutaya kwambiri, ndipo anzanu pa tebulo anazindikira kalekale n'chifukwa chake amakukwezerani nthawi iliyonse.

Onani mtengo wake. Ma blind ali 500 ndi 1,000, ante (ndalama ina yokakamiza yoonjezera) 1,000 imene masiku ano m'mipikisano yambiri amalipira ndi wa big blind yemweyo. Wa pa button wakweza kufika 2,000, wa small blind wataya. Pakati pali 500 kuphatikiza 1,000 yanu, ante 1,000 ndi 2,000 yake, zonse 4,500. Inu akukufunsani 1,000 yokha. Tengani ndalama akukufunsaniyo mugawe ndi poti yonse call yanu italowamo, 1,000 pa 5,500, ndi 18 peresenti. Ndiye kuti mukamawina kamodzi mwa kasanu mwabweza kale zanu. Tsono 9-7 ya mtundu umodzi ija ngakhale itakumana ndi A-K imawina pafupifupi ka 40 mwa ka 100, ndipo wa pa button nthawi zambiri sakhala ndi A-K, amakweza ndi makadi ambirimbiri pongofuna kuba ma blind.

Pali chokuchepetserani, inu ndi amene muziyamba kuyankhula pa flop (makadi atatu oyamba a pa tebulo), turn ndi river (khadi lomaliza) iye akukuonerani, nde si nthawi zonse mudzafike kumapeto ndi makadi anu, nthawi zina adzakuthamangitsani muli patsogolo. Choncho 18 ija muionjezereko. Komabe chilichonse cha mtundu umodzi chooneka bwino, makadi oyandikana ngati 8-7 kapena 10-8, K-5, Q-8, zonsezi pa mtengo umenewu ndi za call. Zoti mutaye ndi ngati 9-2, J-3, 7-2 za mitundu yosiyana, komanso muzichepetsako akakweza kwambiri monga katatu kapena kanayi ka big blind, kapena wokwezayo akakhala pa mpando woyambirira.

Koma imvani mbali inayo, chifukwa ndikudziwa ena awerenga apa n'kuyamba kulowa paliponse. Muli pakati pa tebulo simunaikepo kanthu, wa mpando woyamba wakweza, inu muli ndi K-J kapena A-9 ya mitundu yosiyana. Makadi okongola m'maso, koma munthu wokweza ali ndi anthu 7 kapena 8 kumbuyo kwake amakhala ndi chiyani? A-K, A-Q, K-Q, mapeya akuluakulu. K-J pa A-K imawina kamodzi mwa kanayi, ndipo choopsa chake si kuphonya flop ayi, choopsa ndi kugwira. K ikagwa mumaona ngati mwapata, mumalipira flop, turn, river, iye n'kutembenuza K yemweyo ndi kicker wamkulu, khadi lake lachiwiri loposa lanu. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. K-J imeneyo tayani osamva chisoni, 9-7 ya pa big blind ija ndi imene muziisunga.

FUNSO: Peya yaing'ono ngati 4-4 kapena 5-5 wina akakweza, ndilowe? Wa ku Ndirande.

YANKHO: Yang'anani ma chips, osati makadi. Peya ya m'manja imapeza khadi lachitatu pa flop pafupifupi ka 12 mwa ka 100, ndiye kuti kamodzi mwa ka 8 kapena 9, maulendo ena onsewo mudzataya pa flop makadi akuluakulu atagwa. Kuti zikupindulireni, tsiku logwiralo mudye zambiri, nde inu ndi mnzanuyo nonse mukhale ndi ma chips osachepera ka 15 kapena 20 kuposa call imene mukulipirayo. Akweza ma blind awiri ndi theka nonse muli ndi 60, lowani. Muli ndi 18 okha ndipo simuli pa big blind, call palibe, kaya mutaye kaya muponye zonse ngati wokwezayo ndi wa kumapeto kwa tebulo wokonda kubaiba.

FUNSO: Bwana, vuto langa ndi river. Ndimakhala ndi peya yapamwamba koma kicker wochepa, ndalipira flop ndalipira turn, pa river munthu n'kuponya zambiri. Mtima umati ndalowetsa kale zambiri sindingathawe pano, ndimapanga call n'kuluza. Mwezi watha zinandipweteka kwambiri poti ndalama yolowera ndinachita kubwereka kwa mlamu wanga. Pali njira yodziwira kuti munthu akunamiza? Wa ku Cape Town.

YANKHO: Achimwene, tiyambe ndi ma chips munalowetsa kale aja. Si anunso, ali mu poti, ndipo ntchito yawo yokha pano ndi kukuuzani mtengo. Poti ili 10,000 iye waponya 5,000, mukulipira 5,000 kuti mutenge 20,000 yonse, mukufunika kukhala wolondola kamodzi mwa kanayi. Akaponya 10,000 yofanana ndi poti, kamodzi mwa katatu. Akaponya kawiri ka poti, ka 40 mwa ka 100. Nde funso si lakuti "kodi ndili patsogolo", funso ndi lakuti mwa maulendo anayi amene munthu uyu angaponye chonchi pa makadi awa, kodi kamodzi kokha akunamiza kapena ali ndi zochepera zanga?

Kuti muyankhe bwererani m'mbuyo muione nkhani yonse. Muli ndi A-8, pa tebulo pagwa A-10-4 ma hearts awiri, turn 6, river 2, heart wachitatu sanabwere. Ndi makadi ati amene akanaponya flop ndi turn koma pano alibe kanthu? Ma flush draw onse ophonya (osaka makadi asanu a mtundu umodzi), K-Q, Q-J, K-J zomwe zimasaka straight, makadi asanu otsatizana. Alipo ambiri, nde kwa munthu wodziwa kunamiza theka la poti ndi la call. Koma river ikakhala heart, kapena K yomwe yamalizitsa Q-J, onamiza aja asanduka eni poti, otsala opanda kanthu ndi ochepa. Pamenepo A-8 yanu ndi pepala chabe.

Kenako munthu wake. M'timipikisano tating'ono ta pa kasino zimene ndaona ine ndi zoti anthu ambiri sanamiza mokwanira pa river, makamaka ndi ndalama zikuluzikulu. Bambo wakhala maola awiri osayankhula akungotaya makadi, mwadzidzidzi wakankha mulu wonse manja ali njenjenje, kunjenjemerako nthawi zambiri ndi chimwemwe osati mantha, musamulipire. Zoyang'ana m'maso kapena mmene akupumira ndimaziika kumapeto penipeni, zimene wachita ndi ma chips kuyambira mutakhala pansi zimanena zambiri kuposa nkhope.

Sindikuti kicker wochepa ndi wotaya nthawi zonse. Mu 2007 ku Las Vegas, Main Event ya World Series of Poker inali ndi anthu 6,358 ndipo atatsala atatu mmodzi anali Raymond Rahme wa ku South Africa komweko. Rahme anali ndi K-K, Jerry Yang anali ndi A-5, pa flop panagwa A, Rahme n'kuponya all-in. Yang anaganiza nthawi yaitali, peya yapamwamba kicker 5, dzanja lomwelo limakusowetsani tuloli, mapeto ake anapanga call. Rahme anathera pa nambala 3 ndi madola oposa 3 miliyoni, Yang anatenga $8.25 miliyoni. Chimene chimathandiza pa malo ngati amenewo ndi kukumbukira kuti A imodzi ili m'manja mwako ina ili pa tebulo, ndiye kuti zatsala ziwiri zokha mwa zinayi, njira zoti mnzako akhale ndi A wamkulu zachepa pomwe K-K ndi Q-Q zikadalipo zonse. Kuwerenga kumeneku mutha kuchita inunso pa tebulo lanu, mphindi imodzi ikukwana, dila asakuthamangitseni.

Chimodzimodzi mukakhala inu osaka flush pa turn. Makadi okuthandizani ndi 9 mwa 46 osaoneka, pafupifupi 20 peresenti, munthu waponya theka la poti lomwe likufuna 25, ndiye kuti mtengo wakwera kuposa katundu pokhapokha ngati kumbuyo kuli ma chips ambiri oti mukagwira adzakulipirani.

Tsono za mlamu wanuzo sindingazidumphe. M'mipikisano yambiri olandira ndalama amakhala pafupifupi 15 mwa anthu 100 alionse, ena 85 amatuluka opanda kanthu ndipo pakati pawo pamakhala akatswiri. Ngakhale mutasewera dzanja lililonse molondola mutha kutha miyezi osalandira. Ndalama ya ngongole, ya lendi kapena yotumiza kumudzi musalowe nayo pa tebulo, chonde. Kupatula mavuto a pabanja, imakuonongerani ngakhale masewero amene, chifukwa munthu woganiza za mlamu sawerenga poti, amalowa pofuna kubweza msanga kapena amataya chifukwa cha mantha. Mubwezereni kaye, ndipo mukaona kuti kusiya kukukuvutani uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe.

FUNSO: Ndikatsala ndi ma big blind 7 kapena 8 ndimadikira makadi abwino kuti ndikalowa ndilowe ndi mphamvu. Nthawi zambiri amabwera nditatsala ndi atatu. Ndizidikirabe? Wa ku Zomba.

YANKHO: Ayi achimwene, apa nde potembenukira. A-A imabwera kamodzi mwa ka 221, peya ina iliyonse kamodzi mwa ka 17, pomwe button akazungulira tebulo kamodzi kokha ma blind ndi ante amakudyerani awiri ndi theka. Ndi 7 muli ndi maulendo osakwana atatu. Ndipo A-A ikabwera mutatsala ndi atatu, ngakhale muwine mwangobwerera pomwe munali muja.

Ndi ma blind 7 kapena 8 mukadali ndi chida chimodzi, anthu akhozabe kutaya mukaponya. Mukafika pa atatu wa big blind alowa ndi chilichonse poti mtengo wamuchepera. Nde onse akataya mpaka kufika pa inu muli pa button kapena pafupi napo, ponyani zonse ndi peya iliyonse, A iliyonse, K-8, Q-9, J-9, ngakhale 8-7 ya mtundu umodzi. Akataya mwatola awiri ndi theka osaonetsa khadi, ndiye kuti ma chips anu akwera ndi gawo limodzi mwa atatu. Muli pa mpando woyambirira chepetsani, mapeya, A-10 kupita m'mwamba, A wa mtundu umodzi, K-Q, K-J. Kukweza pang'ono kapena kungotsatira blind musachite, ma chips ake palibe.

Wina akayamba kuponya inu musanayankhule zasintha, Q-9 ndi 8-7 zija zabwerera ku zotaya chifukwa palibenso woti mumuthamangitse. Pamenepo mufunse kuti waponya ali mpando uti. Wa pa button kapena small blind amene naye ma chips amuthera, A-7, K-10 ndi 4-4 ndi za call mukakhala pa big blind. Wa mpando woyamba yemwe wakhala chete ola lonse, yambirani pa 7-7 ndi A-J, ndipo ngati ndalama zatsala munthu mmodzi kapena awiri pali wina wochepera inu, kwezaninso kufika pa 9-9 ndi A-Q.